Mabuku Atatu, Belo Limodzi

Lachitatu la sabata yathayi mvula inakata m'mawa, koma mitambo inakana kuchoka. Inangokhala pamwamba pa purazi, famu yathu ya fodya ino, ngati alendo amene adya kale koma sakufuna kutsanzika. Achule ankalira m'ngalande ya kuseri kwa komboni, thirakitala inkalimbana ndi matope kumunda wakumunsi, ndipo kushedi yosankhira fodya amayi ankaimba nyimbo yawo ija yopanda mathero. Ndikukumbukanso kuthetheka kwa nkhuni m'ng'anjo za mabalani, ndi madontho a pamalata anga akugwera m'chidebe chimene ndimatchera pakhonde. Ndinkachokera kumaliro, nsapato zili m'manja, ndipo mumtima munalibe china koma tiyi ndi mphasa.

Nditatsegula chitseko ndinapeza patebulo palibe kanthu. Mabuku atatu amene ndinawasiya pamenepo anali atachoka.

Ndiyambe ndakuuzani za mabukuwo, kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi.

Mwana wanga Luwiza, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa ine ndi malemu mkazi wanga Malita, akuphunzira sayansi ku yunivesite. Teremu yatha maphunziro atatu anamugwetsa. Akagwanso ulendo uno amubweza kuno kukomboni, ndipo nonse mukudziwa ntchito imene imadikira mtsikana wobwerera kukomboni nyengo yothyola fodya. Luwiza sapempha kanthu, anatengera mayi ake. Koma tsiku lina pafoni chinamupulumuka. Anati chaka chino aphunzitsi awo abweretsa mabuku atsopano, kulaibulale alipo ochepa, ndipo iye amawerenga masamba ojambulidwa pafoni ya mnzake mpaka maso kutuluka misozi.

Ndinamufunsa mayina a mabukuwo. Loyamba ndi la bakiteriyoloje, maphunziro a tizilombo tosaoneka ndi maso, tina totidwalitsa, tina totithandiza. Lachiwiri ndi la oganiki kemisitiri, limene limafotokoza mmene zinthu monga shuga, mafuta ndi mowa zinapangidwira mkati mwake. Lachitatu ndi la bayokemisitiri, ndipo iye anati limeneli limanena zimene zimachitika m'thupi sadza, nsima yathu ija, ikasanduka mphamvu. Ine ndinkaganiza kuti nkhani imeneyo ndimaidziwa kale, koma akuti imafuna buku lonenepa ngati njerwa.

M'nyumba mwanga munali chinthu chimodzi chokha chimene chikanagula mabuku otere: makina osokera a Malita, apamanja aja, okhala ndi chivundikiro chathabwa. Ndinawakulunga m'thumba n'kukawagulitsa kwa telala wina ku Darwendale. Chivundikirocho ndinachisiya pakatebulo kake, kansalu kamaluwa kali pamwamba monga mwa masiku onse. Sindinafune kuti komboni ikambe. Komanso, kunena zoona, sindikanatha kumayang'ana ngodya imeneyo ili yopanda kanthu.

Loweruka ndinakagula mabukuwo kusitolo ya mabuku ku Chinhoyi. Anali ofanana msinkhu onse atatu, ngati ana a mimba imodzi, ndipo ankanunkhira utsopano. Pobwerera hwindi, kondakitala wa minibasi imene kuno timati kombi, anati chikwama changa chikudya malo a munthu, n'kuchiponya m'kangolo kokoka kumbuyo. Anandilonjeza kuti tenti yake sidontha. Mvula itayamba ndinazindikira kuti tentiyo inali ndi mabowo ochuluka kuposa sefa. Ndinafika kunyumba mabuku atamwa madzi, ndipo kumunsi kwake kunali kofiira ndi matope amene anadzadza m'kangolomo.

Ndinawatsegula n'kuwaimika patebulo kuti apitidwe mphepo. Ndisanavule n'komwe jekete, uthenga unafika wakuti mkulu wina wa kwathu ku Tete wamwalira papurazi yoyandikana nafe. Analibe mbale kuno. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ife amene midzi yathu inatsala kutsidya kwa malire sitikana maliro, chifukwa tikudziwa kuti tsiku lathu adzatinyamula ndi anthu omwewa. Kiyi ndinasiyira Mai Joakina, mnzake wa Malita wa ponda apa nane mpondepo, amene amadyetsa nkhuku zanga ndikachoka. Iwowa ndi amene amayang'anira amayi osankha fodya kushedi.

Ndiye Lachitatu lija ndili chiimire kuyang'ana tebulo, Mai Joakina analowa akupukuta manja pachitenje, nkhope ikuwala ngati ya munthu wobweretsa uthenga wa mwana wobadwa.

"Alamu, musade nkhawa. Tawapulumutsa."

Ananditsogolera kushedi. Kumeneko ndinapeza Che Amidu atakhala pampando, chipewa chawo choyera chili pamutu. Che Amidu ndi mkulu wa mabalani pano. Makolo awo anachokera ku Mangochi, ndipo iwo awotcha fodya papurazi ino kuyambira mwini wake woyamba asanachoke. Pambali pawo panali kabelo kakang'ono, kosokedwa bwino ndi chiguduli, ngodya zake zili chilili. Anakasisita pamwamba n'kundiuza kuti katundu wanga ndi ameneyo.

Kenako anandifotokozera zonse mwadongosolo, mmene amafotokozera kwa manijala nyengo ikatha.

Mai Joakina atabwera kudzadyetsa nkhuku anamva fungo lachinyontho. Anapeza mabuku atatupa, masamba akumatana, ndipo m'mphepete mutayamba nkhungu. Buku la tizilombo linali litayamba kuweta tizilombo take. Anathamangira kwa Che Amidu. Iwo atafika ananunkhiza, anapinda tsamba limodzi ndi chala, n'kugamula kuti tsamba ili lathyoledwa lonyowa, ndipo likakhala pamulu liwola. Pano mwana aliyense amadziwa lamulo limeneli asanadziwe kuwerenga: tsamba lonyowa siligona pamulu.

Che Amidu anandiuza motsindika kuti asanagwire ntchitoyo anayamba asamba m'manja, chifukwa buku ndi buku, ngakhale likhale la tizilombo, ndipo palibe tsamba limene linakhudza pansi. Atatero anatenga mpeni wakuthwa n'kudula misana ya mabuku onse atatu. Amayi anasoka masambawo pazingwe, awiriawiri, mmene amasokera fodya, n'kuwapachika m'balani yaing'ono imene inali itangotulutsidwa kumene. Che Amidu anasonkha moto wofatsa. Anakhala pambali pa ng'anjo akuyang'anira kutentha, osalola wina aliyense kuponyamo chikuni. Masamba atauma anawapatsa kachinyezi pang'ono kuti asathetheke pogwira.

Abale, mpaka pamenepa ndinali wokonzeka kuwagwira chanza. Akanalekera pomwepo, ndemanga ya lero ikanakhala ya kuyamika.

Koma kodi munaonapo tsamba lotuluka m'balani likupita kwina osadzera kushedi? Pakomboni pano palibe anaonapo. Tsamba likatuluka m'balani limasankhidwa. Umo ndi mmene dziko linalengedwera.

Mai Joakina anatenga nkhaniyo pamenepo, monyadira. Anati masamba a zithunzi zowala, zofiirira ndi zobiriwira, anawaika giredi yoyamba. Okhala ndi tizithunzi tonga zisa za njuchi, giredi yachiwiri. Okhala ndi mivi yozungulirazungulira ngati njira ya munthu woledzera, giredi yachitatu. A mawu okhaokha, opanda chokongola chilichonse, anapita giredi yotsika. Sanasamale kuti tsamba lachokera m'buku liti, pakuti ngakhale fodya safunsidwa kuti wachokera mzere uti wa munda. Masamba akumapeto a timalemba ting'onoting'ono anawayesa zinyenyeswa, ndipo amuna ena anabwera kudzapempha kuti apichirire fodya wawo, poti zinyenyeswa ndi gawo la antchito. Che Amidu anawathamangitsa ndi chikuni.

Ndinafunsa za matope aja.

Anati ndisadandaule, anawachotsa. Tsamba lakuda kumchira limagwetsa mtengo wa belo lonse, choncho anadula kumunsi kwa tsamba lililonse ndi sizasi, mowongoka bwino. Anandionetsa chidebe mmene munali tizidutswato, tofiira ndi matope. Ndinatolamo kamodzi. Panali nambala ya tsamba.

Kenako ndinafunsa, mofatsa mmene ndikanathera, kuti mwana adziwa bwanji tsamba lotsatana ndi linzake.

Che Amidu anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti dzuwa limatulukira kuti. Anati ali mwana kumadrasa buku lawo litathothoka, shehe anangoyang'ana mzere woyamba wa tsamba lililonse n'kulibwezera pamalo pake, chifukwa munthu wophunzira buku lake amalisunga pamtima.

"Achimwene, mwana ali ku yunivesite. Ndiye asadziwe mabuku ake pamtima?"

Ndinawauza kuti mabukuwa ndi atsopano, Luwiza sanawagwirepo n'kamodzi komwe. Iwo anaganiza pang'ono, akusisita ndevu.

"Ndiye awerenga onse. Si chimene munagulira?"

Ndinasenza belo langa n'kupita kunyumba. Amayi kushedi anandiombera m'manja ndikudutsa.

Ndine munthu wosafulumira kukwiya, ndipo Malita ankati mkwiyo wanga umayenda pangolo ya ng'ombe. Koma tsiku limenelo unafika. Ndinagwada kuti ndipemphere, ndipo pamene ndinafika pa mawu aja onena za kukhululukira amene atilakwira, lilime linaima. Ndinayambiranso. Linaimanso pomwepo.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti foni inali m'thumba mwanga nthawi yonse ya maliro. Mai Joakina ali ndi nambala yanga. Che Amidu ali nayo. Palibe anaimba. Nditafunsa pambuyo pake anati munthu ali pamaliro sasokonezedwa ndi nkhani za mapepala. Kudula misana ya mabuku ake kunali kosavuta kusiyana ndi kumuimbira foni.

Kodi si mmene tilili ife? Timathandiza msanga, timathandiza ndi mtima wonse, koma sitifunsa. Mkazi wanga atamwalira amayi a mpingo anabwera kudzakonza m'nyumba, ndipo ndinatha miyezi ndikufunafuna lumo langa. Mnzako akadwala mutu umamupatsa mapiritsi amene anatsala pamene unkadwala bondo. Mwana wa mnansi akalira umamudyetsa, osafunsa ngati mayi ake amusiyira njala dala poti akupita naye kukayezetsa magazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananene za amene amadyetsa anzawo phulalo, akumwetulira, n'kudikira kuthokozedwa.

Ndipo si ife tokha. Alendo angati afika m'makomboni muno ndi magalimoto oyera, atatikonzera kale chithandizo asanatione? Ena anatibweretsera mabulangete dzuwa likuswa mtengo. Ena anatimangira malo osambira m'manja kumene kulibe mpopi. Tinawaombera m'manja onsewo, mmene amayi anandiombera ine. Munthu aliyense amathandiza ndi chida chimene chili m'manja mwake. Wa khasu amaona udzu paliponse. Wa balani amaona tsamba lonyowa.

Ndinafika pamenepa m'maganizo anga ndili wokhutira kuti mlandu ndauweruza bwino. Koma usiku ndi wautali kwa munthu wogona yekha, ndipo m'mawa mwake funso lina linali litandipeza.

Ndani anaikapo buku lonenepa chotero m'manja mwa Mai Joakina? Iwowa anasiya sukulu ya papurazi asanadziwe kulemba kalata, chifukwa nyengo yothyola ikafika kalasi inkatsekedwa ndipo ana ankapita kumunda. Makolo athu sanawoloke malire kudzawerenga. Anawaitanira tsamba, ndipo tsamba analidziwa, mwakuti munthu angathe kutseka maso n'kukuuza giredi yake ndi chala chokha. Nzeru zonse za mibadwo itatu zinathiridwa m'chomera chimodzi. Lero ndidabwe kuti ataona pepala lonyowa anaona fodya?

Amatiuza kuti chinenero chathu chinalembedwa m'malamulo a dziko lino pamodzi ndi zinenero zina, ndipo n'zoona, ndimanyadira. Koma ine sindinaonepo buku la tizilombo m'Chichewa likufika pakomboni. Za tizilombo tinaphunzira pokumba manda nthawi ya kolera. Ana athu akapita kukaphunzira zinthu zimenezi amalowa m'nyumba imene ife timangoima pakhomo pake. Timawagulira mabuku amene sitingathe kuwerenga, tiwanyamule bwanji sitidziwa, ndipo akanyowa timachita nawo zimene manja athu akudziwa. Inenso amene ndikulemba pano, kodi ndinadziwa chochita? Ndinangowaimika patebulo m'nyumba yachinyontho n'kupita. Akanakhala momwemo mpaka Lachitatu, ndikanapeza phala.

Luwiza anafika Lachisanu kudzatenga mabuku ake. Sindinamuuze kanthu pafoni, poti mawu ake sindinawapeze. Atapuma n'kumwa madzi anafunsa kuti ali kuti. Ndinaloza belo.

Anaseka poyamba, poganiza kuti bambo ake ayamba nthabwala ukalamba uno. Nditatumbula chigudulicho fungo la fodya linadzaza nyumba. Masamba anali m'timitolo, kalikonse komangidwa bwino kumutu. Anamasula kamtolo kamodzi n'kuyamba kuwerenga, akumasulira m'Chichewa kuti inenso ndimve. Tsamba loyamba linathera pa mawu onena kuti kachilombo kakalowa m'matumbo a munthu, chotsatira chake ndi, ndipo tsamba lotsatira linapitiriza kuti, sopo wabwino amene amachita thovu ngakhale m'madzi ozizira.

Anaika masambawo pansi. Anatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba kumene kuli khola la nkhuku. Sindinamutsatire. Mayi ake akaima pamalo amenewo ndinkadziwa kuti si nthawi yolankhula.

Atabwerera maso ali ofiira, anagwada n'kuyamba kuyala masamba pansi. Anati pamwamba pa tsamba lililonse pali dzina la mutu wake, choncho kupatula mabuku atatuwo n'kotheka. Koma mkati mwa mutu uliwonse, popanda manambala, ayenera kuwerenga mzere womaliza wa tsamba n'kufunafuna tsamba limene likuupitiriza. Mayeso ali pafupi. Nthawi imene akanakhala akuphunzira aithera kusaka.

Tinagwira ntchitoyo mpaka dzuwa kulowa, ndi m'mawa mwake. Ine ntchito yanga inali kufananitsa mawu apamwamba, chilembo ndi chilembo, ngati mwana wa giredi wani. Masamba anadzaza pabalaza, anakwera pabedi, ena tinawatsindira ndi makapu ndi miyala. Posakhalitsa Luwiza anaona kuti tsamba limodzi la chithunzi likusowa. Titafufuza linapezeka kwa Mai Joakina. Analipachika pakhoma pambali pa chithunzi cha Banja Loyera, poti linali lokongola koposa onse, timikanda tapinki tomwazika ngati pansalu ya Khirisimasi. Luwiza anawauza mwaulemu, powatchula mayi aang'ono monga timachitira kuno, kuti Mainini, kameneko ndi kachilombo ka taifodi. Anabweza tsambalo atalipana ndi zala ziwiri.

Loweruka masana Mai Joakina anabwera, ulendo uno atanyamula ulusi. Che Amidu anali pambuyo pawo, ndipo anaima pakhomo chifukwa munalibe popondapo. Mai Joakina anali ataona tsopano kuti china chake chinalakwika, ngakhale sanadziwe kukula kwake, ndipo anabwera ndi njira yokonzera. Anati mwana akamaliza kusanja tisavutike, iwo asoka mabukuwo mwaukhondo, pamakina a Malita. Makina amenewo amaboola ngakhale chikopa, iwo amawadziwa bwino.

Ndisanatsegule pakamwa anali atadumpha kale masamba n'kufika pangodya. Anachotsa kansalu kamaluwa. Anakweza chivundikiro.

Chinakwera mopepuka kwambiri, mwakuti anadzandira.

Pakatebulo panali fumbi, ndi chizindikiro cha pamene makina ankakhala. Kunja nkhuku inkaitana anapiye ake.

"Baba, makina a amayi ali kuti?"

Anafunsa ndi Luwiza. Sindinathe kumuyang'ana. Ndinangoloza pansi, pamasamba amene anatizungulira.

Mai Joakina anakhala pansi pomwepo, chivundikiro chili pamiyendo. Pamakina amenewo ndi pamene Malita anawasokera diresi la ukwati wa mwana wawo, ndi nsalu imene anaikira amuna awo m'manda. Anayang'ana masamba odulidwa michira aja limodzilimodzi, ngati akuwaona koyamba. Kenako anafunditsa nkhope ndi chitenje. Sanalire mokweza.

Luwiza anatola tsamba lotsatira n'kupitiriza kusanja, misozi ikugwera pazisa za njuchi zija, iye akuipukuta msanga ndi mkono kuti pepala lisanyowenso.

Che Amidu anachoka pakhomo mwakachetechete. Ndinaganiza kuti apita. Anabwerera ndi singano yaikulu yosokera mabelo, n'kukhala pakhonde. Ulendo uno anafunsa. Anafunsa Luwiza kuti ndi mutu uti umene watha, aboole pati, ulusi udutse kangati. Sanaboole tsamba lililonse mwana asanavomere. Mai Joakina atadzuka anakhala pambali pawo kumagwira masamba kuti asasunthe. Buku la tizilombo linatha lonse tsiku limenelo, chikuto chake chili chachiguduli. La shuga ndi mafuta linafika pakati. La sadza yosanduka mphamvu linabwerera m'belo mmene linalili, m'magiredi ake.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinamuperekeza kumsewu. Hwindi ataona belo anafuna kuliponya m'kangolo. Luwiza anamuyang'ana kamodzi kokha, mmene mayi ake ankayang'anira ogulitsa nsalu onama, ndipo belo linakwera kutsogolo, pamiyendo pake. Anthu m'kombimo ankanunkhiza n'kumafunsa kuti fodya wa chaka chino akugula bwanji. Kombi isananyamuke anatulutsa dzanja pawindo n'kugwira langa. Anati akamaliza sukulu adzawafunafuna makinawo. Ndinamuuza kuti ayambe wafunafuna tsamba lotsatira.

Ngati adzakhoze mayeso sindikudziwa. Pamene ndikulemba pano akusanjabe, pakati pa makalasi, ndipo akuti anzake a m'chipinda akudandaula kuti zovala zawo zikununkha balani. Ndimamupempherera m'mawa uliwonse. Sindikuuzani kuti zonse zinachitika kuti zitikomere, chifukwa sindikudziwa, ndipo sindikonda kuikira Mulungu mawu m'kamwa.

Ndingokufunsani inu amene mukuwerenga: ulendo womaliza umene munathandiza munthu, munayamba mwamufunsa? Ndipo inu amene mumadziwa mabuku, ndi liti pamene munakhala pansi ndi mayi wa kushedi n'kumuonetsa kuti kanambala kakumunsi kaja kali ndi ntchito?

Madzulo a Lamulungu lomwelo mvula inayambiranso, yamawawa. Ndinali pakhonde kumvetsera madontho akugwera m'chidebe changa pamene ndinaona awiriwo akubwera, atafunda thumba limodzi la feteleza. Anakhala pansi, Mai Joakina pamkeka, Che Amidu pachitsa. Sanabwere ndi nkhuku kapena mawu okonzeratu. Tinakhala nthawi ndithu tikuyang'ana mvula. Potsiriza Che Amidu anati, osandiyang'ana:

"Achimwene, tinachita zimene timadziwa."

Mai Joakina anatulutsa kiyi wa nyumba yanga pamfundo ya chitenje n'kumuika pansi patsogolo panga. Ndinamutola n'kuwabwezera m'manja, chifukwa nkhuku zidzafunabe kudya ndikadzapita kumaliro ena. Kenako ndinalowa kukateleka tiyi wa anthu atatu, ndipo ndikudikira madzi kuti awire ndinayesanso pemphero lija. Linadutsa lonse mpaka kumapeto.

Ndinawakhululukira.